Phunziro la zomangamanga: majoyinti a konkire, kuuza mng'alu podzera

Chaka ndi chaka, mvula ikangokata, ntchito za zomangamanga zimayamba m'midzi yozungulira Mayani, m'dera la Mfumu Yaikulu Tambala ndi madera oyandikana nalo. Apa pakumangidwa mdadada wa sukulu, apo shedi ya pamsika, uko akukonza pamjigo. Mabanja amene agulitsa kachewere, nyemba ndi soya nawonso amagula matumba a simenti kuti athire pansi m'nyumba ndi pakhonde. Ntchito zokomera anthu onse zakhala zikulipiridwa ndi ndalama za thumba la CDF, thumba la DDF, pulojekiti ya GESD kapena mabungwe ogwira ntchito ndi khonsolo. Chiyambire 1998, pamene dziko lino linakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu, eni dera ali ndi udindo woyang'anira ntchitozi kudzera m'makomiti a VDC ndi ADC. Komatu munthu sangayang'anire bwino chinthu chimene sakuchidziwa.

Phunziro lino likukamba za chinthu chimene ambiri timachiponda tsiku ndi tsiku osachiganizira: mizere yodulidwa ndi mipata yosiyidwa dala pa silabu ya konkire, imene amisiri amaitcha majoyinti. Si zachilendo kumva anthu akuyamikira mmisiri chifukwa chakuti silabu yake ndi yosalala kuchokera kukhoma mpaka kukhoma, n'kumadzudzula mnzake wodula mizere kuti waononga ntchito. Chiweruzo chotere n'cholakwika. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Silabu yaikulu yopanda majoyinti imakongola mwezi woyamba, kenako imang'aluka pamene yafuna. Konkire aliyense amang'aluka. Luso la mmisiri lagona pomusankhiratu malo ong'alukira, n'kutseka malowo kuti madzi, mchenga ndi chiswe zisalowe.

Chimene chimang'alula konkire

Aliyense amene anazirapo nyumba amadziwa kuti dothi lozirira likamauma limachita timing'alu, ndipo dothi la makande la kudambo limang'aluka koposa m'chilimwe. Konkire naye amatero. Posakaniza simenti, mchenga, miyala ya kwale ndi madzi, madzi ena amagwirizana ndi simenti n'kumulimbitsa, koma otsalawo amauluka pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri. Madziwo akamachoka, konkire amakhwinyata. Kawirikawiri silabu ya mamita 10 imafupika ndi mamilimita pafupifupi 5, ndipo imafupika koposa apo ngati amisiri anachulutsa madzi posakaniza.

Mamilimita 5 angaoneke ngati nkhani yochepa, koma silabu ilibe mpata woyenda momasuka. Pansi yagwidwa ndi nthaka ndi miyala yotsendera, m'mbali yagwidwa ndi makoma, mizati ndi mapaipi. Ikamafuna kufupika, zinthuzi zimaikoka. Konkire ndi wamphamvu kwambiri akapsinjidwa ndi katundu, koma mphamvu yake yopirira kukokedwa ndi pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a mphamvuyo. N'chifukwa chake amaduka.

Chachiwiri ndi nyengo. Monga momwe malata a padenga amathethekera dzuwa likatentha ndiponso kukamazizira madzulo, konkire amafutukuka kukatentha n'kukhwinyata kukazizira. Silabu ya mamita 10 imasintha utali ndi pafupifupi milimita imodzi pa madigiri 10 alionse. Kuno kumapiri a Dedza, usiku wa Juni ndi Julayi kumazizira kufika pansi pa madigiri 10, pamene masana a Okutobala silabu ya panja imatentha moti mwana wopanda nsapato sangaimepo nthawi yaitali. Ngati kusiyanako kuli madigiri 30, silabuyo imayenda mamilimita 3, kupita ndi kubwerera, chaka chilichonse. Bwalo loyanikira mbewu, khonde loombedwa ndi dzuwa ndi kanjira ka pakati pa makalasi zimavutika ndi zimenezi kuposa pansi pa m'nyumba.

Chachitatu n'chakuti khoma lili pa maziko ake akuya, pamene silabu yagona pa dothi lochita kuthira. Ziwirizi sizititimira mofanana. Zikamangiriridwa pamodzi molimba, chofookacho ndicho chimathyoka.

Nzeru yogawa konkire m'zigawo ndi yakale. Mu 1893, m'tauni ya Bellefontaine ku Ohio, m'dziko la United States, anathira msewu wa konkire wotchedwa Court Avenue m'zigawo zing'onozing'ono za mbali zinayi, ndipo mbali ina ya konkire woyambayo ilipobe mpaka lero.

Mitundu inayi ya majoyinti

Majoyinti alipo a mitundu inayi, ndipo uliwonse uli ndi ntchito yake. Titchulanso mayina ake a Chingerezi chifukwa ndi amene a komiti adzawapeza pa pulani ndi pa mndandanda wa zipangizo wochokera kwa mainjiniya.

Woyamba ndi joyinti yotsogolera mng'alu, imene m'mapepala imalembedwa kuti contraction joint kapena control joint. Munthu wofuna kugawira ana nzimbe amayamba wailemba ndi mpeni, ndipo akaipinda imathyokera pomwe walembapo. Mmisiri naye amadula mzere wowongoka pamwamba pa silabu kuti pakhale pofooka. Konkire akayamba kukhwinyata, mng'alu umatsika kuchokera pansi pa mzerewo mpaka kunthaka, mobisika. Popeza mng'alu wa pansiwo ndi wokhotakhota, miyala ya mbali ziwirizo imalumana ngati mano, ndipo zigawo zimathandizana kunyamula katundu. Mzerewu uyenera kuzama gawo limodzi mwa magawo 4 a kuchindikala kwa silabu. Pa silabu ya mamilimita 100, imene amisiri ambiri amati ya mainchesi 4, mzere uzame mamilimita 25. Kamzere kongokanda ndi nsonga ya chipande kamangokometsera, mng'alu sukamvera.

Wachiwiri ndi joyinti yolekanitsa, isolation joint. Iyi imaikidwa paliponse pamene silabu yakumana ndi chinthu chokhala ndi maziko akeake: khoma, mzati, masitepe, paipi, kapena maziko a chigayo. Asanathire konkire, mmisiri amaimika chinthu chofewa cha mamilimita 10 mpaka 12 chotsamira khomalo, kuyambira pansi pa silabu mpaka pamwamba. Chikhoza kukhala siponji yolimba yogulitsidwa m'masitolo a zomangira, polystyrene, zoyera zopepuka zija zimatchinjiriza wailesi m'katoni, kapena bolodi lofewa lonyikidwa m'phula. Bolodi wamba, katoni ndi thabwa n'zosayenera kusiyidwa m'menemo, chifukwa zimaola ndiponso zimaitana chiswe. Pa mzati wa shedi kapena wa khonde, joyintiyi imazungulira mzatiwo, mozungulira ngati mphete kapena mwa ngodya zinayi zoloza mizere yotsogolera mng'alu.

Nyumba zambiri kwathu kuno zimamangidwa mothira silabu pamwamba pa makoma a maziko, khoma la nyumba n'kukwera pa silabuyo. Pamenepo joyinti yolekanitsa ya m'mphepete mwa chipinda sikhalapo, ndipo m'mphepetemo mumakhala mogwidwa kwambiri. Choncho waya wa m'kati ndi mizere ya pakati pa chipinda ndi ya pazitseko zimafunika koposa. Khonde ndi kasilabu kozungulira nyumba, zimene zimathiridwa pambuyo pake, ziyenera kulekanitsidwa ndi khoma.

Wachitatu ndi joyinti yolekezera ntchito, construction joint. Kumene konkire amasakanizidwa ndi mafosholo n'kututidwa pa wilibala, silabu yaikulu sitha tsiku limodzi. Dzuwa limalowa, simenti amatha, madzi a m'migolo amaphwa. Pamalo olekezera, mmisiri aimike thabwa lowongoka kuti m'mphepete mwa konkire muime chilili kuyambira pansi mpaka pamwamba. Kusiya konkire atatsetsereka ngati chulu, mawa n'kudzathirapo wina pamwamba, kumabala chigamba chopyapyala chimene chimasweka msanga. Ntchito ikaima kupitirira mphindi 30, makamaka kukatentha, pamenepo paikidwe joyinti. Chanzeru ndi kukonzeratu kuti ntchito ya tsiku ilekezere pomwe pulani yaika kale mzere.

Pamene padzadutsa katundu wolemera, monga pakhomo la nyumba yosungira mbewu pomwe malole amaima, zigawo ziwiri zimalumikizidwa ndi zitsulo zosalala zotchedwa dowel. Pa silabu ya mamilimita 150, zitsulozi zimakhala za mamilimita pafupifupi 20 kunenepa, 400 kutalika, motalikirana mamilimita 300, pakatikati pa kuchindikala kwa silabu. Theka la chitsulo chilichonse limapakidwa girisi kapena kuvekedwa pulasitiki kuti lizitha kutereka m'kati. Motero zigawo zimatha kutalikirana ndi kuyandikirana, koma china sichingatsike kusiya chinzake. Zitsulozi zigone mowongoka, zonse kuloza mbali imodzi. Chitsulo chopendekeka kapena chamizeremizere chimamanga joyinti, ndipo mng'alu umatulukira pambali pake.

Wachinayi ndi joyinti yofutukukira, expansion joint. Uwu ndi mpata wodutsa silabu yonse, wa mamilimita 10 mpaka 20, wodzazidwa ndi chinthu chofewa, wopatsa konkire malo ofutukukira kukatentha. M'nyumba wamba sufunika kawirikawiri, popeza konkire amayamba wakhwinyata ndipo mizere ina ija imatseguka pang'ono. Umafunika pa konkire wautali wa padzuwa, pamene silabu yatsopano yagunda chomangidwa chakale, ndi pamilatho. Silabu yothiridwa m'nyengo yozizira ya Juni imadzafutukuka kwambiri mu Okutobala, choncho mainjiniya amaganizira ndi mwezi wothirira womwe.

Kuyeza malo a majoyinti

Malo a majoyinti amasankhidwa papepala simenti asanatsegulidwe. Pa ntchito za khonsolo amene amasankha ndi injiniya, koma malamulo otsatirawa ndi osavuta, ndipo aliyense wokhala ndi tepi yoyezera akhoza kuwatsimikiza.

Lamulo loyamba ndi la mtunda. Mabuku a mainjiniya amalola kuti majoyinti atalikirane kuwirikiza kuchindikala kwa silabu ka 24 mpaka ka 36. Chosavuta kukumbukira ndi kuchulukitsa ndi 30. Silabu ya mamilimita 75 idulidwe pa mamita 2.25 alionse, ya mamilimita 100 pa mamita 3, ya mamilimita 150 pa mamita 4.5. Kupitirira mamita 4.5 n'kuika ntchito pachiswe, pokhapokha injiniya atawerengera zitsulo zokwanira.

Lamulo lachiwiri ndi la maonekedwe a chigawo. Mbali zake zikhale zofanana kapena zoyandikira kufanana, ndipo mulitali musapose mulifupi kuwirikiza kamodzi ndi theka. Chigawo chachitali chopapatiza chimaduka pakati.

Lamulo lachitatu ndi la ngodya. Pamene silabu yakhota ngati chilembo cha L, kapena pamene yazungulira ngodya ya khoma, mng'alu umakonda kuyambira pangodya ya m'kati. Mzere uyambire pangodya pomwepo. Pachitseko, pamene silabu imapapatiza pochoka m'chipinda china kulowa m'chinzake, pakhalenso mzere. Mizere ikumane mopingasana bwino. Tizigawo tosongoka ngati nsonga ya mkondo timathyoka.

Tiyerekeze chipinda chophunziriramo cha mamita 9 mulitali ndi mamita 6 mulifupi, silabu yake ya mamilimita 100. Tikadula mizere iwiri yopingasa ndi umodzi wotsata mulitali, tipeza zigawo 6 za mamita 3 mbali zonse. Kutsogolo kwa mdadada kuli khonde la mamita 18 mulitali ndi mita imodzi ndi theka mulifupi. Apa lamulo la mtunda likanalola mamita 3, koma lamulo la maonekedwe likuletsa kupyola mamita 2.25. Choncho tidula pa mamita 2 alionse: mizere 8, zigawo 9. Kasilabu kozungulira nyumba ka masentimita 60 kadulidwe pa masentimita pafupifupi 90. Bwalo loyanikira chimanga la mamita 12 mbali zonse ligawidwe m'zigawo 16.

Waya wa m'kati, amene ambiri amamutcha BRC, saletsa konkire kung'aluka. Ntchito yake ndi kugwira mng'alu kuti usayasame. Kuti atero, ayenera kukhala chakumtunda kwa silabu atakhazikidwa pa timiyala ta simenti, osati atagona pa pulasitiki. Pa mzere wotsogolera mng'alu, wayayo adulidwe n'kulekezera masentimita pafupifupi 5 mbali iliyonse, kupatula ngati pulani yanena zina. Akadutsa wathunthu, joyinti sitseguka. Chimodzimodzinso simenti wosalaza pamwamba ndi matayilosi: mzere wa pansi uyenera kukwera mpaka pamwamba, pamalo omwewo. Tayilosi logona chopingasa joyinti limasweka.

Nthawi yodula

Madzi akatayika saoleka. Joyinti yodulidwa mochedwa ndi mzere wachabe, chifukwa konkire amakhala atasankha kale pong'alukira.

Njira yoyenera malo opanda magetsi ndi kudinda mzere konkire akadali wofewa. Mmisiri amagoneka thabwa lowongoka, n'kutsetsereka m'mbali mwake chitsulo chodindira chozama mamilimita 25, kapena kukanikiza chitsulo chafulati chopakidwa mafuta n'kuchizula konkire atayamba kugwira. M'mphepete mwa mzere musalazidwe mobulungira pang'ono kuti musamabenthuke.

Njira ina ndi kucheka ndi makina kapena galainda konkire atagwira. Nthawi yake ndi pamene mpeni wa makina sukuzulanso miyala, kawirikawiri pakati pa maola 4 ndi 12 chithirireni. Kukatentha nthawiyo imafika msanga. M'nyengo yozizira ya kuno imachedwa. Koma tsiku lathunthu lisadutse. Ngati konkire wathiridwa masana, kontirakitala akonzeretu wocheka madzulo omwewo kapena m'mamawa, ndi jenereta ngati pamalopo palibe magetsi. Usiku woyamba wozizira ndi umene umabala ming'alu yambiri. Wocheka avale magalasi ndi chotchinga mphuno, pakuti fumbi la konkire limaononga mapapo.

Kumata majoyinti

Joyinti yosiyidwa yoyasama imabweretsa mavuto atatu. Madzi a mvula amalowa n'kufewetsa dothi la pansi, chigawo n'kuyamba kugwedezeka ndi kuthyoka m'ngodya. Pa dothi la makande, limene limatupa likanyowa, chigawo chimatukuka. Mchenga ndi timiyala zimadzaza mpata m'nyengo yozizira pamene watseguka, ndipo kukatentha konkire amasowa kofutukukira, m'mphepete n'kubenthuka. Chiswe nacho chimatha kudutsa pa mpata wa milimita imodzi kapena ziwiri, n'kufika pa mafelemu a zitseko, madesiki ndi matumba a chimanga. M'chipinda cha odwala ndi mosungira chakudya, mpata wosatseka umasunga litsiro ndi tizilombo.

Chomatira chiyenera kukhala chotanuka ngati labala. Kuthira matope a simenti m'joyinti ndi kuipha: simentiyo amauma gwa, amasweka n'kutuluka, kapena amamanga zigawo mng'alu n'kusamukira pena. Panja, monga pabwalo loyanikira, m'ngalande ndi panjira, phula la pamsewu losungunula limagwira ntchito ndipo ndi lotsika mtengo, ngakhale limafewa padzuwa ndi kuuma pakapita zaka. Pamene padzayanikidwa chakudya, phulalo likhale lotsikira m'kati mwa mzere kuti lisakhudze mbewu. M'nyumba ndi pakhonde, zomatira za m'machubu za polyurethane ndi zabwino chifukwa zimagwira konkire ndipo zimapirira kupondedwa. Silicone wa m'bafa wamba sakhalitsa pa konkire. Mosungira katundu modutsa matayala olimba, injiniya amasankha chodzazira cholimbirapo chotchinjiriza m'mphepete.

Ntchito yomata iyende motere. Choyamba, dikirani. Konkire akwanitse masiku osachepera 28, ndipo kudikira miyezi iwiri kapena itatu n'kwabwino koposa, kuti kukhwinyata kwambiri kuchitike chomatira chisanaikidwe. Podikirapo, mukhoza kutsekamo chingwe kuti zinyalala zisalowe. Silabu ya panja imatidwe mvula ya Novembala isanayambe.

Chachiwiri, yeretsani. Chotsani fumbi ndi timiyala ndi burashi ya waya, n'kupemerera ndi pampu ya njinga. M'joyinti muume ndithu, popeza chomatira sichigwira pa fumbi kapena pachinyezi. Mzere wopapatiza kwambiri ukulitsidwe kumtunda kwake kufika mamilimita 6 mpaka 10.

Chachitatu, lowetsani chingwe cha siponji chonenepa pang'ono kuposa mpatawo. Chingwechi chimaletsa chomatira kutsikira pansi n'kuonongeka, komanso chimachititsa kuti chigwire mbali ziwiri zokha. Chomatira chogwira mbali ziwiri ndi pansi pomwe sichitha kutanuka, chimang'ambika.

Chachinayi, thirani chomatira mosadukizadukiza, n'kuchikanikiza kuti chikhudze mbali zonse ziwiri. Pa joyinti yotakasuka, kuzama kwa chomatira kukhale pafupifupi theka la mulifupi mwake, koma kusachepere mamilimita 6: mpata wa mamilimita 12 umafuna chomatira chozama mamilimita 6. Pamwamba pake patsike pang'ono kuti mapazi asachisende. Tsatirani malangizo olembedwa pa chubu okhudza mankhwala oyamba kupaka ndi maola oumira. Wosungunula phula achitire panja, kutali ndi ana ndi udzu, ndipo asalole dontho la madzi kugwera m'phula lotentha chifukwa limathovoka n'kuotcha.

Pamene sipayenera kudulidwa

Zonse takambazi zikukhudza silabu yogona panthaka. Silabu yolenjekeka, yokhala ndi mphako pansi pake, isadulidwe ndi munthu aliyense: silabu ya pa dzenje la chimbudzi, chivundikiro cha thanki, pamwamba pa kalavati kapena mlatho, ndi pansi pa nyumba yosanja. Mphamvu ya zimenezi ili m'zitsulo ndi m'kuchindikala kwake konse. Kuzicheka ndi kuika miyoyo ya anthu pangozi. Zikachita mng'alu, anthu aleke kupondapo ndipo injiniya wa khonsolo adziwitsidwe msanga.

Pamjigo napo pali lamulo lake. Silabu yozungulira pampu ndi yaing'ono, imathiridwa nthawi imodzi ndi waya m'kati, ndipo pafupi ndi tsinde la pampu sipayenera kukhala mzere kapena mpata uliwonse. Mng'alu wa pamenepo umabweza madzi akuda, otsukira ndowa ndi opondedwa ndi ziweto, kutsikira kuchitsime chimene mudzi wonse ukumwa. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unatikumbutsa mtengo wa madzi oipitsidwa. Malo amene amakonda kuduka ndi pokumana silabu ndi ngalande yotaya madzi, ndiponso m'kati mwa ngalandeyo. Majoyinti a m'ngalande amatidwe bwino, ndipo komiti ya mjigo iziwayang'ana mwezi ndi mwezi.

Ming'alu imene majoyinti sangaletse

Majoyinti sakonza konkire woipa. Timing'alu tambirimbiri totuluka tsiku lothira lomwelo timabwera chifukwa chakuti pamwamba pauma msanga ndi dzuwa kapena mphepo, monga ya mwera ya m'miyezi yozizira. Mankhwala ake ndi kuphimba silabu ndi pulasitiki, masaka kapena mchenga wonyowa ikangogwira, n'kuisunga yachinyezi kwa masiku osachepera 7. Mng'alu waukulu wokhala ndi mbali ina yotsika umasonyeza kuti dothi la pansi silinatsenderedwe mokwanira, kapena munatsala mizu ndi chulu. Pamwamba pofumbutuka ngati ufa pamaonetsa kuchuluka kwa madzi, kuchepa kwa simenti kapena mchenga wamatope.

Kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, kosakula, si koopsa. Koma ngati ndodo ya machesi ikulowamo, ngati mbali ina yakwera, kapena ngati mng'alu ukutalika, lembani ndi pensulo pamene walekezera pamodzi ndi tsiku, mujambule chithunzi pa foni, ndipo mudziwitse khansala ndi ofesi ya zomangamanga ku khonsolo.

Udindo wa komiti ndi eni dera

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kufunsa mmisiri mwaulemu si kumunyoza, ndipo mmisiri wodziwa ntchito amakondwa kufotokoza. Pali nthawi zinayi zimene maso a komiti amafunika.

Konkire asanathiridwe, pemphani kuona pulani, ndipo funsani kuti majoyinti adzakhala pati, a mtundu wanji, ndiponso ngati chomatira chili pa mndandanda wa zipangizo. Onani kuti dothi latsenderedwa, pulasitiki wayalidwa, waya wakwezedwa, ndipo zofewa zaimikidwa pamizati ndi pamakoma oyenera.

Tsiku lothira, pakhale mmodzi wa komiti kuyambira m'mawa mpaka polekezera. Aone kuti madzi sakuwonjezeredwa mwachisawawa, polekezera paimikidwa thabwa, ndipo mizere yadindidwa kapena yachekedwa tsiku lisanadutse. Kuzama kwa mzere kumayezedwa mosavuta ndi kawaya ndi rula ya mwana wa sukulu. Zonsezi zilembedwe m'buku la pamalo a ntchito.

Polandira ntchito, yendani pa silabu yonse ndi tepi. M'makontirakiti ambiri a zomangamanga, gawo lina la malipiro limasungidwa kwa miyezi yolembedwa m'mgwirizano, kuti zolakwika zikaoneka kontirakitala adzakonze ndi ndalama zake. Funsani kuti nthawiyo itha liti, ndipo perekani madandaulo molemba isanathe. Ikadutsa, mtolo wokonzanso umagwera sukulu, msika kapena mudzi, ndipo ndalama zimene zikanagula madesiki kapena kukumba mjigo wina zimathera pa zigamba.

Ntchito ikaperekedwa, chomangidwacho ndi chanu. Chomatira chimakalamba konkire asanakalambe. Chaka chilichonse, mu Seputembala kapena Okutobala, komiti ya sukulu, ya msika ndi ya mjigo isese majoyinti, izule udzu womera m'menemo, ichotse chomatira chosweka ndi kuthira chatsopano mvula isanagwe. Machubu ochepa kapena chitini cha phula n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kuswa silabu n'kuthiranso. Eni nyumba amene akuthira pansi ndi ndalama za m'thumba mwawo atsate malamulo omwewa, ndipo agwirizane ndi mmisiri za majoyinti asanagwirizane za mtengo.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa VDC

1. Silabu ya shedi ya pamsika ndi ya mamita 15 mulitali, mamita 6 mulifupi ndi mamilimita 100 kuchindikala. Igawidwe m'zigawo zingati, ndipo mizere izame bwanji?

2. Kanjira ka konkire ka mita imodzi mulifupi kadulidwe pa mtunda wotani, ndipo ndi lamulo liti limene likugwira ntchito pamenepa?

3. N'chifukwa chiyani matope a simenti sayenera kuthiridwa m'joyinti?

4. Tchulani masilabu atatu a m'mudzi mwanu amene sayenera kuchekedwa.

5. Pa zomangidwa za m'dera lanu, ndi ziti zimene zikadali m'nthawi yoti kontirakitala akonze zolakwika, ndipo ndani akusunga tsiku lothera nthawiyo?

A makomiti akulimbikitsidwa kuyendera chomangidwa chimodzi cha konkire m'dera lawo atatenga tepi ndi kope, kulemba zimene apeza, ndi kuzipereka kwa khansala wa wodi yawo kudzera ku ADC mvula isanayambe.